Sipuling'i Sachotsa Ili Chisenzere



Munthu akafuna kugula galimoto amayang'ana utoto, nakhala pampando kuti amve kufewa kwake, natchera khutu ku kulira kwa injini. Ena amayambira pa wailesi. Ndi owerengeka okha amene amagwada pansi ndi kusuzumira kuseri kwa matayala akumbuyo, kumene kuli fumbi ndi matope okhaokha. Komatu kumeneko ndiko kuli zitsulo ziwiri zimene zimasenza onse okhala kumbuyo pamodzi ndi katundu wawo, usana ndi usiku, ngakhale pamene galimotoyo yangoima pansi pa mtengo. Injini imapuma akaizimitsa. Sipuling'i siipuma. Kuyambira tsiku limene adaiika kufikira tsiku limene adzaichotse, imakhala ili chisenzere.

Amayi athu sangavutike kumvetsa ntchito ya chitsulo chimenechi. Mayi asanasenze mtolo wa nkhuni kapena ndowa ya madzi amayamba wapota nkhata, kuti pakati pa mutu ndi katundu pakhale chofewetsa. Sipuling'i ndiyo nkhata ya galimoto. Imakhala pakati pa thupi la galimoto ndi ekiselo, chitsulo chopingasa chija chimene matayala akumbuyo amagwirako. Tayala likagwera m'dzenje, sipuling'i ndiyo imalandira nkhonyayo kuti isafike pamsana wa wokwera. Pambali pake pamaima shoko, imene ntchito yake ndi kuletsa galimoto kunjanja ikatuluka m'dzenjemo. Ambiri amasokoneza ziwirizi, naganiza kuti shoko ndiyo imanyamula galimoto. Ayi ndithu. Shoko imangoziziritsa kugwedezeka. Kulemera konse kuli pa sipuling'i.

Masipuling'i akumbuyo sali a mtundu umodzi. Pa Hilux ndi pa malole mudzaona zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana, chachitali pamwamba, zazifupi kunsi kwake. Mtundu umenewu ndi wakale kuposa galimoto imene: Obadiah Elliott, mmisiri wopanga ngolo zokokedwa ndi akavalo ku London, adalembetsa luso lake la masipuling'i otere m'chaka cha 1804. Pa magalimoto ang'onoang'ono mudzapeza ndodo imodzi yachitsulo yopotedwa mozungulira. Kwina imaima payokha pambali pa shoko; kwina imavekedwa kunja kwa shoko ndi kutsekeredwa ndi nati imodzi pamwamba, monga zilili kumbuyo kwa Corolla za m'zaka za m'ma 1990. Kamangidwe kotsirizaka kamadziwika ndi dzina la Earle MacPherson, katswiri wa ku America amene adakakonza.

Anzathu amene adaphunzira sayansi ku sekondale akumbukira dzina la Robert Hooke wa ku England, amene m'chaka cha 1678 adafalitsa lamulo lonena kuti sipuling'i imafupika kapena kutalika molingana ndi mphamvu imene yaikidwapo. Tiyerekeze sipuling'i imene imafupika ndi milimita imodzi pa makilogalamu atatu alionse. Ikafupika ndi mamilimita 100, omwe ndi pafupifupi kukula kwa chikhatho cha munthu wamkulu, ndiye kuti ikukankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 300, matumba 6 a chimanga. Ndipo mukaifinya kawiri kuposa pamenepo, mphamvu imene yasungika m'kati mwake, imene ingaitumphitse itamasuka mwadzidzidzi, imachuluka kanayi. Chodabwitsa n'chakuti zonsezi sizioneka. Sipuling'i yosenza ndi sipuling'i yomasuka zimafanana m'maso mwa munthu wosadziwa. Zonse zili chete.

Loweruka lapitali ife a gulu la achinyamata tidali ku galaja ya bambo wina wa m'parishi muno, amene adadzipereka kutiphunzitsa ntchito zamanja kamodzi pa mwezi. Pabwalo padali Probox imene ambiri a inu mukuidziwa, chifukwa idakutengeranipo wodwala kuchipatala usiku, kapena idanyamula ng'oma za kwaya popita ku nthambi za parishi, kapena idatuta zopereka za masika. Probox idayamba kupangidwa ku Japan m'chaka cha 2002 kuti izithandiza amalonda, ndipo mtundu wake wonyamula katundu adaulembera malire a makilogalamu 400. Amenewo ndi matumba 8 a chimanga basi. Palibe mwa ife amene sadaionepo itasenza opitirira pamenepo, m'misewu yathu yafumbi imene mvula ikadutsa imasanduka mizere. Mwini wake ndi munthu wosadziwa kukana. Tsono galimotoyo idali itapendekera kumanzere ngati munthu wodwala chiuno, ndipo kumbuyo kunkamveka kugogoda.

Anyamata ena adali atatola kale masipanala. Bambo aja adawaletsa ndi dzanja.

"Ana anga, musanagwire chitsulo chilichonse, ndiuzeni. Kulemera kumene sipuling'i iyi yasenza, mukukuika pati?"

Palibe adayankha. Ntchito yonse ya tsikulo idali yankho la funso limenelo.

Choyamba adatikankhitsa galimoto kuichotsa padothi lofewa kuifikitsa pasimenti posapendekeka. Adailowetsa m'giya, natitchingitsa matayala akutsogolo ndi zipika, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mmodzi wa ife adati wakoka kale handibuleki. Bamboyo adamufunsa kuti handibuleki imagwira matayala ati. Imagwira akumbuyo, omwewo amene timati tinyamule m'mwamba. Akachoka pansi, palibenso chimene buleki imeneyo yagwira. Manati a matayala tidawamasula pang'ono galimoto ikadali pansi, pakuti tayala likakhala m'malere limangozungulira pamodzi ndi sipanala.

Kenaka jeke adalowa. Thupi la galimoto litakwera, bamboyo adalowetsa masitandi awiri achitsulo, aliyense pamalo pake. Sitandi saiika paliponse. Kunsi kwa galimoto kuli malo ochepa amene opanga adawalimbitsa kuti azilandira kulemera. Pena ponse ndi lata chabe, limene limapindika kapena kubooka. Apa bamboyo adakhalitsa, ndipo mawu awo adasintha. Jeke, adatero, ndi wonyamulira, si wosungira: mafuta ake angathe kutaya mphamvu munthu ali kunsi. Njerwa ndi mabuloko a simenti n'zoipa kuposa jeke, chifukwa mtengo umayamba walira usanathyoke, pamene njerwa imangophwanyika osachenjeza. Matayala amene tidavula adatiuza kuti tiwagoneke kunsi kwa galimoto, kuti china chikalephera pakhale cholandira. Atatero adagwira galimotoyo ndi manja awiri naigwedeza mwamphamvu. Idakhala nji. Pamenepo m'pamene adalola munthu kulowetsa mutu.

Apa ndipo pali msampha umene umakola anthu ofulumira. Thupi la galimoto lakhala pa masitandi, matayala achoka, ndipo diso limakuuza kuti sipuling'i yapuma. Siinapume. Shoko yatambasuka mpaka pamapeto pake, ndipo ndiyo yagwira ekiselo kuti isatsike. Pakati pawo sipuling'i ikadali yofinyika, ikukankha. Bawuti yakunsi kwa shoko ndiyo yasenza zonsezo. Ukaimenya ndi nyundo kuti ituluke, ekiselo imagwa kamodzin'kamodzi, ndipo chala, dzanja kapena nkhope imene ili pafupi ndiyo imalipira. N'chifukwa chake bamboyo adabwezera jeke kunsi kwa ekiselo, naikweza pang'ono pokha, mpaka bawuti ija, imene poyamba inkakana, idayamba kutembenuka mosavuta. Idatuluka ndi zala.

"Bawuti ikakana kutuluka," adatero, "ikukuuzani kuti ikadasenza kanthu. Musaiyankhe ndi nyundo. Funani chimene yasenzacho."

Asanatsitse jeke adatisonyeza kapaipi kalabala kamene kamapititsa mafuta a buleki kuchokera ku thupi la galimoto kupita ku ekiselo. N'kakafupi, ndipo ekiselo ikatsika kwambiri kamakokeka. Kangathe kung'ambika m'kati kunja kukuoneka bwino, vuto lake n'kudzaonekera pamtsetse, galimoto itadzaza anthu. Adamasula kachitsulo kogwira kapaipiko kuti kapeze mpata, nasankha mtsikana mmodzi kuti ntchito yake ikhale imodzi yokha: kuyang'ana kapaipiko, ndi kufuula kakayamba kukungika.

Ndipo jeke adayamba kutsika, pang'onopang'ono, mochedwa mpaka ena adayamba kuyasamula. Sipuling'i inkatalika tikuona. Padamveka kaphokoso kakang'ono, ndipo chitsulo chimene chidasenza galimotoyo zaka zonsezi chidagwedera pamalo pake ngati dzino la mwana. Mtsikana wina adalowetsa dzanja nachitulutsa monga momwe munthu amatolera chikho patebulo. Kukonzekera kudatitengera nthawi yoposa ola. Kuchotsa kwenikweniko sikudakwane mphindi imodzi. Anyamata amene ankayembekezera zoopsa adakhumudwa pang'ono. Bamboyo adati ntchito imeneyi ikachitika bwino siikhala ndi nkhani yokasimba kunyumba.

Za mtundu wina uja, wa sipuling'i yotsekeredwa pa shoko, adangotisonyeza osatilola kugwira. Umenewo sungamasulidwe potsitsa jeke, pakuti ngakhale utauchotsa m'galimoto ndi kuugoneka pansi, sipuling'i ikadali yofinyika pakati pa mbale ziwiri. Pamafunika zopanira ziwiri zachitsulo, china mbali iyi china mbali inayo, zomangidwa mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, kufikira sipuling'i italeka kukankha mbale yapamwamba. Pokhapo m'pamene nati imamasulidwa, ndipo nkhope ya munthu siikhala kumene nsonga yaloza. Amene amamanga sipuling'i yotere ndi zingwe kapena waya amakhala akuseweretsa moyo wawo ndi wa mwana amene waima pafupi kuonerera.

Tidaiika sipuling'i yakale pambali pa yatsopano. Idali itathyoka kunsi kwenikweni, pa mkombero womaliza, pamene matope ndi madzi zimakhalitsa. Pamenepo utoto umayamba wakhuluka, dzimbiri n'kudya kadzenje kosaposa nsonga ya singano, ndipo pakadzenjepo pamayamba mng'alu umene diso silingauone. Dzenje lililonse la mumsewu limaukulitsa pang'ono. Akatswiri amati kumeneku ndi kutopa kwa chitsulo, ndipo aliyense amene adapindapo waya uku ndi uku kufikira utaduka akukudziwa. Chimene chidatikhudza n'chakuti sipuling'i kawirikawiri siithyoka tsiku limene yasenza katundu wolemera koposa. Imathyoka tsiku wamba, pa kadzenje kamene idadutsapo kambirimbiri. Kuiwotcherera sikuthandiza, chifukwa moto umachotsa kulimba kumene chitsulocho chidalandira pochipanga. Ndipo saisintha imodzi: inzake yakumanja idayenda misewu yomweyo, idatopa chimodzimodzi, choncho zonse ziwiri zidachoka. Zakalezo sadazitaye. Adazisungira mmisiri wosula, amene amawongola zopotazo n'kupanga matchizulo, monga momwe amasulira nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku zaphanthiphanthi zija.

Pobwezera, mabawuti amene amadutsa m'malabala sadawamange kotheratu galimoto ili m'mwamba. Adayamba waitsitsa kuti iime pa matayala ake, naigwedeza kuti ikhazikike, ndipo pamenepo adamanga komaliza. Labala womangidwa galimoto ili m'malere amakhala wopotoka galimotoyo ikatsika, ndipo sachedwa kung'ambika.

Mwina ena mwayamba kudabwa kuti kodi tsamba lathu lasanduka la amakaniko. Tapirirani pang'ono. Funso la bambo aja lidatitsata kuchoka ku galaja, chifukwa m'gulu mwathu muli nkhani imene yakhala ikutisowetsa tulo.

Tili ndi mchemwali wathu, amene watilola kusimba za iye popanda kutchula dzina. Bambo ake adamwalira iye ali ku sekondale. Zaka zitatu zapitazo mayi ake adafa ziwalo mbali imodzi. Pambuyo pake pali ana atatu, ndipo womutsatira ndi mtsikana wa zaka 13. Mchemwali wathuyu amadzuka tambala woyamba, natunga madzi, nakazinga mandasi okagulitsa, nasambitsa mayi ake, naphikira ana phala, zonsezi dzuwa lisanatuluke. Kukwaya sajomba. Pamaliro amafika woyamba. Palibe mmodzi mwa ife amene adamumvapo akudandaula, ndipo anthu amamutchula monga chitsanzo pophunzitsa ana awo. Tsono wasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, kutali ndi kuno, ku maphunziro a zaka ziwiri. Atsala ndi masabata ochepa.

Nkhaniyi itamveka, anthu adagawikana pawiri. Ena adati apite, mwayi subwera kawiri, Mulungu amene adamupatsa malowo adzasamala za kunyumba. Ena adati akhale, nakumbutsa lamulo lachinayi la kulemekeza atate ndi amayi, nafunsa kuti mwana wotani amasiya mayi wake pamphasa kukafuna satifiketi. Mbali zonse ziwiri zidayankhula mwachikondi, ndipo zonse zidatchula Mulungu. Koma ife tikuona kuti zonse zidalumpha funso lija. Oyambawo akumenya bawuti ndi nyundo. Katundu wa m'nyumba ija sadzasungunuka chifukwa chakuti womusenza wakwera basi. Adzagwera amene ali pafupi, ndipo amene ali pafupi ndi mwana wa zaka 13, amene pakutha pa teremu imodzi adzakhala atasiya sukulu. Achiwiriwo akuti sipuling'i ikhale pomwepo popeza siinalire. Ife tidaiona sipuling'i yosalira itagonekedwa pasimenti, ndipo tidaona pamene idathyokera.

Malembo Oyera sasowa anthu amene adafunsa funso la bambo wa ku galaja. M'buku la Eksodo, mutu 17, Aisraele akumenyana ndi Aamaleke ndipo Mose ali paphiri manja ali m'mwamba. Akawatsitsa, anthu ake amagonja. Manja adalema, pakuti Mose adali munthu. Aroni ndi Huri sadamulimbikitse ndi mawu kuti apirire, ndiponso sadamuuze kuti atsitse manja zione zokha. Adafuna mwala namukhazikapo, nagwira manja ake wina uku wina uku mpaka dzuwa kulowa. M'mutu wotsatira, mpongozi wake Yetero adaona Mose akuweruza milandu ya anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, namuuza mosabisa kuti adzadzitopetsa yekha pamodzi ndi anthuwo. Ndipo sadalekere pa kudzudzula. Adamuyalira dongosolo: asankhe anthu okhulupirika oyang'anira magulu a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, kuti kwa Mose kuzifika milandu yaikulu yokha.

Koma chimene chimatigwira mtima koposa chili mu Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, mutu 19. Ambuye Yesu ali pamtanda, nthawi yawo yochoka yafika, ndipo pansi paima mayi wawo. Akadatha kunena mumtima kuti Atate adzasamala. Ndani akadawatsutsa? Komabe, ali m'kati mwa ululu wotere, adayamba apereka amayi Maria m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda, munthu wodziwika, wokhala ndi kwawo, ndipo wophunzirayo adawatenga kukakhala nawo. Mwana wa Mulungu sadachoke asanaike mchirikizo. Ngati Iye sadaone kuti kutero n'kuchepa chikhulupiriro, ife sitingadzione okhulupirira koposa pouza mchemwali wathu kuti angonyamuka.

Tinene pano za mawu amene timawakonda kwambiri ife akhristu, akuti "tikupemphererani". Ndi mawu abwino, ndipo pemphero ndi ntchito yeniyeni. Koma pali katchulidwe kena ka mawuwa kamene kamatanthauza kuti nkhani yatha, ndikupita. Kalata ya Yakobe, mutu 2, imadzudzula munthu amene amafunira mbale wake wausiwa ndi wanjala mafuno abwino osamupatsa chofunda kapena chakudya. Mchemwali wathu walandira mapemphero ambiri m'zaka zitatuzi. Ndowa ya madzi siinapepuke.

Eklezia mwini wake amadziwa kuti wosenza sachotsedwa mwachisawawa. Malamulo a Mpingo amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1983 amapempha episkopi ndi bambo mfumu kuti akakwanitsa zaka 75 apereke kalata yotula udindo, ndipo amalamulanso kuti wopumayo apezeredwe pokhala ndi chithandizo. Dayosizi ikatsala yopanda episkopi, ansembe alangizi ayenera kusankha woigwirizira pasanathe masiku 8. Papa Benedikito wa 16 adalengeza pa 11 February 2013 kuti mphamvu zamuthera, koma adatula udindo pa 28 February, ndipo pa 13 March Papa Fransisko adasankhidwa. Nyumba ya mayi wamasiye ilibe buku la malamulo lotere. Chimene ili nacho ndi mphakati. Pamene maepiskopi a chigawo chino cha Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, adagwirizana m'zaka za 1973 ndi 1976 kuti miphakati ikhale maziko a moyo wa Mpingo, ndipo pamene Ambuye Patrick Kalilombe adalimbikira zimenezi mu dayosizi ya Lilongwe, cholinga sichidali kungochulukitsa misonkhano ya mapemphero. Chidali chakuti akhristu oyandikana nyumba azidziwana mokwanira kuti aone pamene denga la mnzawo lapendekera.

Tsono tidayamba ndi kuwerenga katunduyo. Tidakhala pansi ndi mchemwali wathu ndi kope, ndi kumupempha kuti atchule chilichonse chimene amachita kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Poyamba adati palibe chachilendo, n'zapakhomo basi. Titamufunsa ola ndi ola, zidadzaza masamba awiri. Zina sitikadaziganizira: kutembenuza mayi ake usiku kuti asatuluke zilonda, kuwongola mwendo ndi dzanja monga adamuphunzitsira kuchipatala, kukumbukira tsiku lokatenga mankhwala, kudziwa kuti ndi mwana uti amabisa kope akalephera mayeso. Atamaliza kutchula adayang'ana masamba aja nthawi yaitali. Adati sadadziwe kuti n'zochuluka chotere.

Sitandi saiika paliponse. Tisanalembe dzina la wina aliyense wa ife, akuluakulu a mphakati adapita kwa malume ake a mchemwali wathu, amene ndiye mwini mbumba, pakuti nyumba ili ndi eni ake ndipo achinyamata a tchalitchi sangangolowamo ngati yopanda mwini. Malumewo adavomera kutenga munda ndi za chimanga. Azakhali ena adzagona m'nyumbamo masiku anayi pa sabata. Kusambitsa mayi si ntchito ya anyamata kapena ya ana. Amayi a bungwe la amayi achikatolika adaigawana okha, ndipo sadafune kuti tiwalembere. Kwa ife kudatsala madzi, nkhuni, chigayo ndi kuthandiza ana pa za kusukulu. Mandasi adzakazinga mayi woyandikana nawo nyumba, phindu n'kumagawana. Mwini Probox uja, galimoto yake itaima mowongoka, adati ulendo wa kuchipatala mwezi ndi mwezi ndi wake.

Pamsonkhano woyamba manja adakwera ambiri, ena kulonjeza kubwera tsiku lililonse. Mayi wapampando wa mphakati adawathokoza, nawafunsa mmodzimmodzi ngati angathe kubwera tsiku limodzi lokha pa sabata, koma kwa zaka ziwiri, nthawi ya dzinja ndi ya mayeso yomwe. Manja ena adatsika, ndipo sitikuwaweruza. N'kwabwino njerwa idziwike kuti ndi njerwa galimoto isanakhalepo. Mtsikana wa zaka 13 uja tamupatsa munthu wakewake, mphunzitsi wopuma wa m'mphakati momwemo, amene alibe ntchito ina m'dongosololi koma kuona kuti mwanayo ali m'kalasi ndipo sakusanduka mayi wa nyumba mwakachetechete.

Jeke tayamba kumutsitsa masabata atatu apitawo, mchemwali wathu akadali pakhomo. Sabata iliyonse amasiya ntchito imodzi kapena ziwiri, n'kuima pambali kuonerera ena akuzigwira. Apa fanizo lathu limayamba kutsimphina, ndipo tiyenera kunena. Chitsulo sichikana kutulidwa, koma munthu amakana. Tsiku loyamba limene anyamata adabwera kudzatunga madzi adapeza migolo yodzaza kale. Adadzuka usiku kuti asaoneke ngati waulesi. Mayi ake nawonso adakana kusambitsidwa ndi munthu wina, nalira, nati mwana wawo watopa nawo. Padatenga masiku, ndi kubwera kwa bambo mfumu kudzawapatsa Ukaristia ndi kucheza nawo, kuti avomere amayi awiri amene adaimba nawo kwaya kale. Ndiponso sipuling'i yatsopano amagula m'sitolo, pamene mwana woyamba kubadwa sagulitsidwa kulikonse. Palibe amene akulowa m'malo mwake. Tikungogawana, anthu oposa khumi, zimene mtsikana mmodzi wakhala akuchita yekha, ndipo ngakhale tatero sizikukwanira bwino. Akale adati mutu umodzi susenza denga. Sadatiuze kuti pali mitu ina imene yalisenza ndithu, zaka zitatu, ife tikuiyamikira.

Mabawuti sitinamange komaliza. Dongosolo limene lili m'kope lalembedwa ndi pensulo, ndipo tagwirizana kuti tidzakhalenso pansi pakatha mwezi umodzi mchemwali wathu atachoka, nyumbayo itaima pa miyendo yake, kuti tione pamene papotoka. Malume adzakhalapo, ndipo mtsikana wamng'onoyo adzafunsidwa payekha.

Pakadali malo awiri opanda dzina. Usiku wa Lachinayi palibe munthu wamkulu wogona m'nyumbamo, pakuti azakhali amapita kumudzi kwawo tsiku limenelo, ndipo pakufunika mayi kapena mtsikana wamkulu amene angaphunzire kutembenuza wodwala. Pakufunikanso mnyamata wa njinga wopita kuchigayo Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse. Amene angathe akumane nafe Lamulungu likudzali ikatha Misa yachiwiri, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo. Kope lidzakhala ndi mlembi wa gulu.